Khutu la Kumanzere la Nodoka

Anthu a mumzinda wa Hirosaki, ku Japan, amene msana ukawavuta amakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya njinga kukatikitidwa minofu, amamudziwa Nodoka Kakizaki ngati mayi wa manja olimba, wosakonda zolankhulalankhula, amene ukamamuyankhula amapendeketsa mutu kuti akupatse khutu lakumanja. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ambiri sadziwa kuti mayi ameneyu anavalapo yunifolomu ya timu ya dziko, ndipo iye sayambitsa nkhaniyo pokhapokha wina atafunsa za kachala kake kopindika, kamene mpira unathyola kawiri.

Anabadwira m'munda wa maapozi m'munsi mwa phiri la Iwaki, mwana mmodzi yekha m'nyumbamo. Ali wamng'ono ankaona bwinobwino. Vuto linayamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo poyamba linali loseketsa: kukangoyamba kachisisira, ankapunthwa pa mabokosi a maapozi amene wina aliyense ankawaona. Amayi ake ankamukalipira kuti amayenda akulota. Kenaka zinthu za m'mbali zinayamba kuzimirira, n'kumangoona zapatsogolo ngati munthu wosuzumira m'paipi, ndipo paipiyo inkacheperachepera chaka ndi chaka. Dokotala anawauza mosabisa kuti mankhwala ake palibe. Pobwerera kunyumba bambo ake anangoima pa sitolo ina n'kumugulira nsapato zofiira zimene iye sanapemphe.

Kuyambira tsiku limenelo mawu amene ankamveka kwambiri pakhomopo anali akuti “samala”. Samala ndi chitseko, samala ndi ketulo, usakwere makwerero, usatsetserekere kumtsinje. Nthawi yokolola, ana anzake ali m'mitengo, iye ankakhala m'shedi akusankha maapozi ndi manja. Anali mwana womvera, moti anasamaladi, mpaka thupi lake linazolowera kuyenda ngati la nkhalamba.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu anamutumiza kusukulu yogonera konko ya ana osaona mumzinda wa Aomori. Kumeneko anaphunzira kuwerenga ndi zala, kuyenda ndi ndodo yoyera, ndiponso ntchito yotikita minofu, imene anthu osaona akhala akudyera kuyambira kalekale. Nthawi ya masewera ankabisala m'laibulale. Anabisala zaka zitatu, mpaka tsiku lina mphunzitsi wa masewera, bambo Uranishi, munthu wamfupi wa mawu osasa, anamupeza.

“Kakizaki, wabisala mokwanira. Tiye kuholo, kukuperewera munthu mmodzi.”

“Sensei, ine masewera sinditha.”

“Nanga kugwa umatha?”

“Kugwa?”

“Ndamva kuti dzulo unagwa pa masitepe a kukhitchini, mwaluso ndithu. Luso limenelo ndi limene ndikufuna.”

Umu ndi mmene Nodoka anakumanirana ndi goalball, mpira wa mabelu. Anamuveka chophimba m'maso chakuda bii, chimene osewera onse amavala kuti woona pang'ono asapose wosaona konse. Anamugwaditsa pansi n'kumugwiritsa mizere ya bwalo: tepi yomata pamatabwa, pansi pake pali kachingwe, kuti munthu adziwe ndi zala pamene ali. Kumbuyo kwake kunali golo lalitali kuyambira mbali ino mpaka mbali inayo, ndipo olitchinga anali atatu okha. Anamuuza kuti mpira, wolemera ngati dzungu, ubwera ukugubuduzika kuchokera kutsidya, mabelu akulira m'kati mwake, ndipo iye adziponye pansi chammbali, thupi lonse tambalale, kuti usadutse.

Wezulo inalira, holo yonse inati zii. Anamva mapazi atatu kutsidyako, kenaka ngwelengwele, kuchokera kumanzere, koma ukukhotera pakati. Sanaganize n'komwe. Anangozindikira ali pansi, mpira wamumenya pamimba mpaka mpweya kuthawa. Anagona pomwepo ataukumbatira, akudikira kuti wina athamange kudzamudzutsa n'kumufunsa ngati wavulala. Palibe anabwera.

“Ukudikira chiyani?” anakuwa bambo Uranishi. “Si mwana wako ameneyo! Ubweze!”

Madzulo ake anaimbira foni kunyumba, chiuno chonse chitatupa. Amayi ake atamva kuti tsopano akusewera masewera ochita kudziponya pansi, anati, “Awa aphunzitsi, mutu wawo ukuyenda bwino?” Nodoka anaseka mpaka misozi, ndipo amayi ake anadabwa, poti panali patapita zaka asanamumve akuseka choncho.

Zinapezeka kuti mwanayu anali ndi makutu osowa. Ankadziwa woponya ndani pongomva mapondedwe. Ankamva mpira ukachoka m'manja mozungulira, n'kudziwiratu kumene ukhotere usanafike pakati pa bwalo. Anamuika pakati, pamalo pa munthu amene amamvetsera m'malo mwa onse n'kumauza anzake a m'mbali kumene mdani waima. Atamaliza sukulu anayamba ntchito pa kachipatala ka mafupa mumzindamo, koma Loweruka ndi Lamlungu lililonse anali kuholo. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, kalata inabwera yomuitana kum'bindikiro wa timu ya dziko ya amayi.

Kum'bindikiroko anamuika chipinda chimodzi ndi Ayame Shimoji, wa ku chilumba cha Miyako, kumwera kwenikweni kumene anthu sadziwa sinowo, chipale chofewa chimene chimagwa nthawi yozizira. Ayame anali wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, wosaona chibadwire, wapakamwa ngati wailesi, ndipo ankaponya mpira wamphamvu kuposa wina aliyense m'timumo.

“Ndiwe wakumaapozi uja eti?” anatero tsiku loyamba, akumugwiragwira mapewa. “Abale, kuonda chonchi! Kwanu mumadya masamba a mitengo?”

“Pepani, Shimoji-san, ndine Kakizaki. Mundithandize pa zonse.”

“Iii, ulemu wake! Iwe, ine sindine apongozi ako. Uzinditchula Aya. Ndipo tseka zenera, ndikufa ndi kuzizira.”

“Kunja kukutentha, ndi mwezi wa Meyi uno.”

“Kwa inu zimbalangondo.”

Pabwalo Ayame ankaima kumanzere kwa Nodoka. Poti mpira ukamaseweredwa sipafunika phokoso, anapangana chinenero chawo cha zala: kugogoda pansi kamodzi, ndili pano, kawiri, sunthira kuno, katatu mofulumira, zimene Ayame ankati zimatanthauza “ndili ndi njala”. Atsikana a ku Japan anali aafupi poyerekeza ndi a mayiko ena, amene akagona pansi amatseka theka la golo ndi thupi lokha, ndiye mphamvu yawo inali kumva msanga ndi kusasiya mpata pakati pa mapazi a wina ndi zala za mnzake. Awiriwa anachita kuzolowerana moti Nodoka akadziponya, zala zake zinkakhudza nsapato ya Ayame ndendende, tsiku lililonse, ngati anayeza ndi lula.

Chaka chotsatira anakwera ndege koyamba kupita kumpikisano wa mayiko ku Ulaya. Nodoka anali wa pabenchi. Za dzikolo amakumbukirako zochepa: buledi wolimba ngati njerwa, fungo la polishi wachilendo m'holo, ndi Ayame akulirira mpunga m'mawa uliwonse. Pa masewera omaliza a gulu lawo, wapakati wa nthawi zonse anabinya bondo kutatsala mphindi zinayi, Japan ikutsogola ndi chigoli chimodzi. Nodoka analowa. M'holomo munali anthu masauzande, ndipo woyimbira atapempha bata, onse aja anati chete, moti ankamva munthu wina akumeza malovu kumtunda kwa mipando. Kutsidyako kunali mayi wamtali amene mpira wake unkabwera ukudumphadumpha. Anauponya kasanu ndi kawiri. Nodoka anautchinga kasanu, Ayame kawiri. Wezulo yomaliza italira, holo inaphulika ndi phokoso, ndipo Ayame anamugwera pamsana akukuwa m'khutu mwake, “Chimbalangondo changa! Chimbalangondo changa!”

Mphindi zinayi zimenezo ndi zokhazo zimene Nodoka anasewerapo kunja kwa dziko.

Patapita zaka ziwiri, malo apakati anali ake mosakayikitsa. Timu inali m'bindikiro kukonzekera mpikisano waukulu kuposa woyamba uja, ndipo mayina a opita anali oti alengezedwa pakatha masabata awiri. M'mawa wina Nodoka anadzuka khutu lakumanzere lili ngati mwalowa madzi, m'kati mwake mukulira kaphokoso kosalekeza ngati ka nyenje. Anameza malovu, anayasamula, anagwedeza mutu. Sizinasinthe. Anadziuza kuti ndi chimfine, mawa chitha.

Sichinathe. Pabwalo mpira unayamba kumveka ngati ukuchokera kumanja nthawi zonse. Anayamba kusewera ndi nzeru zokha, poti anzake onse ankawadziwa maponyedwe awo, ndipo masiku oyamba zinkatheka. Akadanena, akadamutumiza kuchipatala, wina akadalowa pamalo pake, ndipo mayina akadatuluka iye kulibe. Anaganiza zopirira masabata awiriwo, akalembedwa dzina ndiye akaonane ndi dokotala.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, pa chakudya chamasana, Ayame anaika timitengo todyera patebulo.

“Nodo-chan, n'chifukwa chiyani masiku ano umandikhazika kumanja kwako?”

“Palibe chifukwa.”

“Zaka zitatu ndakhala kumanzere kwako, m'basi, patebulo, paliponse. Lero ndagogoda kawiri, mpira uli kubwera, iwe osasuntha. Dzulonso.”

“Ndinatopa.”

“Usandinamize ine. Maso ndilibe, koma si ndine chitsiru.”

“Aya-chan, chonde. Masiku asanu okha atsala. Asanu okha.”

Ayame anakankha mpando, ndodo yake inagogoda mpaka pakhomo, ndipo pasanathe ola mphunzitsi wa timu anali atamukweza Nodoka galimoto.

Dokotala wa makutu anamuyeza nthawi yaitali. Anati matendawa amagwera munthu mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika, ndipo amene amabwera masiku oyambirira nthawi zambiri amathandizika. Anafunsa kuti zinayamba liti. Nodoka atanena, dokotalayo anapumira m'mwamba. Anamugoneka m'chipatala masiku khumi akumupatsa mankhwala a m'mitsempha. Khutu silinabwerere. Munthu amadziwa kumene phokoso likuchokera chifukwa makutu ndi awiri. Ndi limodzi, mabelu ankawamva ndithu, koma ankangolira ponseponse.

Anayeserabe miyezi itatu. Tsiku lina mtsikana wongoyamba kumene anaponya mpira wofooka, woti ndi mwana yemwe akanaugwira, ndipo Nodoka anadziponya kumanja mpira ukudutsa kumanzere. Palibe anaseka. Anadzuka, anavula chophimba m'maso, anawerama kuthokoza bwalo monga mwa mwambo, n'kukalongedza katundu.

Anabwerera kumunda wa maapozi. Amayi ake anamulandira ndi supu wa soya wotchedwa miso ndi nsomba yowotcha, osafunsa kanthu, koma m'mawu awo Nodoka ankamva kampumulo kakuti mwana wabwerera pamalo otetezeka, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa chipongwe. Timu inanyamuka popanda iye. Tsiku la masewera oyamba bambo ake anatsegula wailesi yakanema, iye anatuluka kukakhala m'shedi. Ayame anaimba foni kuchokera kunjako, anaimbanso atabwerako, anaimba mwezi ndi mwezi. Nodoka sankayankha. Ankadziwa kuti mnzakeyo sanalakwe, koma mawu ake okha ankabwera ndi holo yonse, ndipo iye sakanatha kuwamva. Patapita chaka foni inasiya kulira.

Anapeza ntchito ku Hirosaki, pamwamba pa sitolo ya njinga paja. Ankagwira bwino, makasitomala n'kumachuluka. Koma thupi silinamve kuti masewera anatha. Mwana akagwetsa kabelu ka pachikwama mumsewu, mawondo ake ankapinda okha. Akamakolopa m'chipinda chogwirira ntchito, zala zinkafufuza kachingwe pamatabwa. Loweruka masana ndiye panali povuta: cha m'ma 1 koloko, nthawi imene kale ankamanga zotchinga m'mawondo, ankangozungulira m'nyumba ngati wataya chinthu.

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina mu Febuluwale, sinowo itafika m'chiuno, wolandira alendo anamuuza kuti kwabwera kasitomala watsopano, mayi Higa, odandaula phewa, koma akuoneka kuti ndi osalankhula, poti angopereka kapepala. Nodoka analowa, anapereka moni, munthuyo anangoti “mm” atagona chafufumimba. Anaika manja pakhosi n'kutsetsereka. Phewa lakumanja linali lalikulu kuposa lakumanzere, mnofu wake wolimba ngati chingwe cha sitima yapamadzi, ndipo pansi pa fupa panali kabowo kamene iye anakatikitapo kambirimbiri m'zipinda za m'bindikiro. Manja ake anaima.

“Mayi Higa,” anatero pang'onopang'ono, “mwavala majuzi angati?”

“Anayi,” anayankha mawu aja ali m'pilo. “Ndi masokosi atatu. Anthu inu mumakhala bwanji kuno? Kapena munalakwira boma?”

Nodoka anafuna kutuluka, koma m'malo mwake anakanikiza chala chachikulu pakabowo paja mwamphamvu.

“Mayo! Ukundipha!”

“Phewa ili mwaliwononga. Simunkalipumitsa?”

“Ndani akanandiuza? Amene ankandikalipira anathawira kumaapozi.” Ayame anatembenuka n'kukhala tsonga. “Ndasiya mpira, Nodo-chan. Dzanja silikukweranso. Dzina la Higa si labodza, ndinakwatiwa chaka chatha. Ndinakutumizira kalata.”

“Ndinailandira.”

“Unaiwerenga?”

“Kasanu.”

Panja galimoto yochotsa sinowo inadutsa ikukokoma.

“Ndabwera kudzanena chinthu chimodzi,” anatero Ayame, nthabwala zitamuthera. “Iwe umaganiza kuti ndinakulakwira pokanena kwa aphunzitsi. Kulakwa kwanga si kumeneko. Ine ndinadziwa tsiku lachitatu. Tsiku lachitatu, pamene unandisuntha m'basi. Ndinakhala chete masiku asanu ndi limodzi chifukwa ndinkafuna kupita nawe. Ndinkati mwina chitha chokha. Nditamva zimene dokotala ananena za masiku oyambirira… zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga masiku amenewo.”

Nodoka anakhala pamphepete pa bedi. Anafufuza mkwiyo mumtima mwake, poti unali woyenera, koma sanaupeze.

“Ukanandiuza tsiku lachitatu ndikanakana,” anatero. “Ndikanalumbira kuti ndikumva. Ukanandikoka ndi chingwe?”

“Ndikanakukoka. Unali wowonda.”

“Khutu linali langa, Aya-chan. Wobisa ndinali ine.”

Ayame analira mokweza ngati mmene ankachitira chilichonse, mpaka wolandira alendo anagogoda kufunsa ngati zonse zili bwino. Kenaka anapukuta mphuno, anatulutsa m'chikwama phukusi la shuga wakuda wa kwawo, n'kunena kuti ola lake silinathe, phewa limalizidwe.

Akumutikita, Nodoka anafunsa funso limene analisunga zaka zisanu ndi chimodzi. “Kunali bwanji?”

Ayame anamufotokozera zonse, masewera ndi masewera: holo imene matabwa ake ankaterera, mayi wamtali uja amene anali atakalamba koma mpira wake ukudumphabe, chigoli chimene chinawatulutsa kutatsala masekondi khumi ndi awiri. “Chinadutsa pakati pa ine ndi wapakati,” anatero. “Mpata wa chikhatho chimodzi. Mwana uja ankasewera bwino, sindikumunena. Koma nsapato yanga sinakhudzidwepo ndi zala za munthu chichokereni iwe.”

Ayame anagona masiku awiri kumundako, akudandaula za kuzizira ndi kuseketsa amayi a Nodoka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Loweruka anaumirira kuti apite ku Aomori akaone bambo Uranishi, amene anali atatsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. Mkuluyo atamva mawu a Nodoka pakhomo la holo sanachite zodabwa.

“Kakizaki, wachedwa. Tepi ya mzere wapakati yamatuka, ndipo mawondo anga anakana kugwada. Tenga.”

Anagwada n'kuyamba kumata. Anamata mzere umenewo, kenaka wotsatira, mpaka bwalo lonse.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse amakwera sitima ya m'mawa kupita kusukuluko. Amayala zingwe, amamata tepi, amaphunzitsa atsikana kugwa osadzipweteka ndi kuponya osawononga phewa. Kusewera sasewera. Anayesapo kamodzi atsikana atamukakamiza, ndipo sabata yonse yotsatira sankafuna kudya. Masewera akayamba amakhala pansi kunja kwa mzere, zikhatho zili pamatabwa, poti mpira ukamagubuduzika matabwa amanjenjemera ndipo manja amamuuzako pang'ono kumene ukulowera. Nthawi zina mtsikana wapakati akachedwa kudziponya, anzake amamva Kakizaki-sensei akufuula mopanda mawu, phewa lake litatsika kale ngati akufuna kudziponya yekha.

Ayame ali ku Miyako, ali ndi ana awiri aakazi, ndipo amaimba foni Lamlungu masana. Chaka chilichonse amamuitana kuti akaone nyanja yofunda, Nodoka n'kuyankha kuti akatha kukolola. Koma bambo ake anamwalira, munda anaubwereketsa kwa achibale, ndipo Ayame amamukumbutsa kuti zokolola zimene akunenazo si zakenso.

A timu ya dziko amulemberapo kawiri kumupempha kuti aziyenda nawo kunja ngati wotikita minofu ya osewera. Kawiri konse anakana mwaulemu. Anauza Ayame kuti kukhala m'holo ngati imene ija, anthu masauzande atati chete, iye ali pabenchi atanyamula matawulo, sakudziwa ngati mtima wake ungapirire. Chaka chino kalata yachitatu yabwera, ndipo sanayankhebe. Sabata yatha, pa chakudya cham'mawa, anatulutsa pasipoti yake m'kabati n'kupempha amayi ake, amene tsopano amawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo, kuti amuonere tsiku lake lothera.

“Inatha kalekale iyi,” anatero mayiwo. “Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ukufuna kupita kuti?”

“Ndimangofunsa.”

“Chithunzichi unali mwana. Tsitsi ngati mnyamata.”

Nodoka anailandira, anaisisita pachikuto, n'kuiika m'chikwama cha kuntchito m'malo mobwezera m'kabati. Anatenga ndodo yake n'kutuluka, poti basi ya 8 koloko sidikira munthu, ndipo kasitomala woyamba tsiku limenelo anali mlimi wina amene khosi linamuuma.